Mungu wa m'miombo pa silaidi: momwe ntchito yakhala ikuyendera

Zolemba izi ndi za anzanga a biology amene amafunsa kuti ntchito ya mungu munthu amaiyamba bwanji ali ku Zomba, alibe labu yaikulu ngati ya ku Lund ku Sweden kapena ku Minnesota ku America. Cholinga changa n'chakuti ndizitenga uchi wa alimi a ku Zomba ndi Machinga, kuuika pa maikulosikopu, n'kutchula mitengo imene njuchi zinapitako. Zimenezo sizitheka usanadziwe maonekedwe a mungu wa mtengo uliwonse. Choncho ntchito imene yandidyera chaka chonse ndi yopanga nkhokwe ya masilaidi: mungu wotengedwa pa mtengo wodziwika dzina, womatidwa pagalasi, wolembedwa bwino.

14 Ogasiti 2023: zipangizo

Maikulosikopu ndabwereka kulabu. Ndi yakale koma malenzi ake ndi abwino, ili ndi yokuza ka 40 komanso yokuza ka 100 yofuna mafuta ija. Zina zonse zatuluka m'thumba mwanga. Masilaidi mabokosi anayi a 50, lililonse K7,500. Tigalasi tovindikira mapaketi awiri, K10,000. Gilisalini wa kufamase K6,000, ndipo muzinena kuti mukufuna wopanda fungo, chifukwa wodzola uja amaikamo zonunkhiritsa ndi madzi. Jelatini wophikira ndinakamupeza ku Blantyre, K6,000. Maenvulopu, makandulo ndi kyutekisi wopanda mtundu, K7,000. Zonse pamodzi zatsala pang'ono kukwana K60,000.

Vuto loyamba linali la muyeso. Kukula kwa mungu ndi chimodzi mwa zizindikiro zake, ndipo lenzi yoyang'anira ili ndi timizere toyezera, koma kagalasi kotsimikizira kuti kamzere kamodzi ndi maikulomita angati (maikulomita 1,000 ndiwo milimita imodzi) kanasowa kalekale. Mnzanga wogwira ntchito kulabu ya chipatala anandibwereka kagalasi kowerengera maselo a magazi, ka Neubauer. Timabokosi take tating'onoting'ono ta pakati ndi ta maikulomita 50 mbali iliyonse. Ndinayeza lenzi iliyonse ndi timabokosi timeneti n'kumata zotsatira pakhoma.

Poyeserera ndinayamba ndi zapafupi. Ndinagwedezera ngayaye za chimanga cha kudimba papepala m'mawa dzuwa litangouma mame. Mungu wa chimanga ndi wobulungira, uli ndi bowo limodzi, ndipo umakhala pakati pa maikulomita 80 ndi 100. Wanga unagwera momwemo, ndiye ndinadziwa kuti muyeso uli bwino. Wa dzungu ndi waukulu kuposa pamenepo, waminga thupi lonse. Wa mango ndi waung'ono, wa ngalande zitatu.

2 Seputembala 2023: jele

Mungu umakhazikika pa silaidi ndi jele wa gilisalini. Kaphikidwe kake kodziwika ndi jelatini magalamu 50, madzi mamililita 175, gilisalini mamililita 150 ndi phenol magalamu 7. Ine ndinaphika gawo limodzi mwa magawo asanu, phenol ndinalibe. Sabata zitatu zisanathe botolo linali litachita chuku, ndipo masilaidi oyamba anadzaza ulusi woyera wodutsa pamwamba pa mungu. Phenol ali m'menemo kuti aphe zimenezo. Anzanga a chemistry anandigawira pang'ono. Amawotcha khungu, valani magolovesi.

Jele asawire, apo ayi saundananso bwino. Botolo lizikhala m'madzi otentha, osati pamoto. Mukatakasa mwamphamvu mumalowa timathovu, ndipo kathovu kamodzi pansi pa kagalasi kamaoneka chimphona mukakuza ka 400. Ndimasefa pa kansalu n'kulisiya m'madzi ofunda mpaka thovu lonse litakwera pamwamba. Utoto wa safranin ndi kadontho kokha. Woyamba ndinauika mpaka jele anafiira ngati magazi, mungu wonse unangokhala timadontho takuda, zokongoletsa za pakhungu lake osaoneka. Mtundu woyenera ndi wofiirira pang'ono, woti mukhoza kuwerenga nyuzi kudzera m'botolo.

Kumata m'mbali ndi kumene kunandichedwetsa. Kyutekisi sagwira pamene jele wasefukira, amasupuka pakapita masiku. Chimene chagwira ntchito ndi phula la kandulo: kadontho ka jele kakang'ono pakati, kuvindikira, kutenthetsa silaidi pang'ono, kenako kukhudzitsa phula m'mphepete kuti lilowe lokha n'kuzungulira jeleyo. Silaidi ikamazizira muziigoneka chafufumimba, itatsamira pa timitengo tiwiri ta machesi, kuti mungu utsikire kufupi ndi kagalasi kovindikira. Mukapanda kutero lenzi ya 100 siufikira. Wa dzungu umaphwanyika ndi kulemera kwa kagalasi, ndiye ndimaika tizidutswa ta kagalasi kosweka m'mbali kuti tichirikize.

10 Okutobala 2023: kutchire

Miombo imaphuka masamba ofiira mvula isanabwere, maluwa n'kutsatira. Ndakhala ndikuyenda m'mapiri a m'mbali mwa msewu wa Zomba kupita ku Liwonde. Musanalowe m'nkhalango yotetezedwa tengani kalata ku ofesi ya zankhalango, ndipo kaonekereni kwa amfumu. Munthu wachilendo woyendayenda m'tchire ndi chikwanje pa nsungwi amaganiziridwa zambiri.

Maluwa a mombo ndi aang'ono, obiriwira, alibe zokopa maso, ndipo ali pamwamba penipeni. Tsiku loyamba ndinadutsa mitengo yamaluwa yambiri osaiona. Bambo wina woweta njuchi amene amandiperekeza anandiseka. "Mwana wanga, mukuyang'ana chiyani kumwambako? Imani chete. Mtengo umene ukulira ndi umenewo." Zoonadi, mtengo wamaluwa umamveka njuchi uli patali. Bamboyu ndimawapatsa K4,000 patsiku, ndipo ndi ndalama imene sindinadandaulepo.

Duwa lotseguka kale silithandiza. Mungu wake watha, ndipo wotsalawo wasakanikirana ndi wa mitengo ina umene njuchi zabwera nawo kumiyendo. Tengani amene atsala pang'ono kutseguka, muike mu envulopu ya pepala, envulopu imodzi mtengo umodzi. Amene ndinaika m'jumbo anafika kunyumba atachita thukuta n'kuda, ndinangotaya.

Nkhani ya mayina ndiyo yofunika kuisamala kwambiri. Mtengo umene mudzi uno akuti mombo, kutsidya kwa phiri akuti tsamba, ndipo mitundu ya Brachystegia, dzina la sayansi la gulu la mombo, imafanana mpaka akatswiri amatsutsana. Silaidi yolembedwa dzina lolakwika ndi yoipa kuposa kusakhala nayo, chifukwa imanamiza aliyense wodzaigwiritsa ntchito. Ndiye mtengo uliwonse ndimadula kanthambi ka masamba ndi maluwa, kutola makoko a mbewu pansi pake, n'kupanikiza m'manyuzi pakati pa matabwa awiri omangidwa ndi malekeni. Nambala ya pa envulopu ndi ya pa kanthambi ndi imodzi. Nthambizi ndimakazifananitsa ndi zimene zimasungidwa ku National Herbarium and Botanic Gardens konkuno ku Zomba. Pa mitengo imene ndinalemba kuti mombo, ingapo inapezeka kuti ndi mitundu ina ya Brachystegia.

China chimene anthu a ku Zomba ayenera kudziwa ndi paini. Phiri lonse lili ndi minda ya paini, ndipo mungu wake uli ndi timatumba tiwiri ta mpweya, umauluka kutali. Ndinaupeza pa silaidi ya mlombwa, ya mango, ngakhale ya dzungu. Ndinasiya silaidi ya jele yekhayekha patebulo usiku umodzi, m'mawa munali paini. Tsopano mawindo amakhala otseka, tebulo ndimapukuta ndi nsalu yonyowa, ndipo tsiku lililonse logwira ntchito ndimapanga silaidi imodzi yopanda kanthu yoti indiuze zimene zili mumpweya.

13 Novembala 2023: kwacha yagwa

Sabata yathayi kwacha yatsitsidwa ndi 44 peresenti. Dola imene inali pafupifupi K1,180 yafika K1,700, petulo wachoka pa K1,746 kufika K2,530 pa lita, ndipo minibasi zakwera tsiku lomwelo. Kwa ine zagwera pa mankhwala.

Masilaidi amene ndapanga mpaka pano ndi a mungu wauwisi, wokhala ndi zam'kati zake ndi mafuta pamwamba. Kuti khungu lake lioneke bwino pamafunika njira yotchedwa acetolysis, imene anaikhazikitsa Gunnar Erdtman wa ku Sweden: magawo 9 a acetic anhydride, gawo limodzi la sulphuric acid. Msanganizowu umadya chilichonse kupatula khungu lakunja, lomwe ndi lolimba kwambiri moti limakhala m'matope zaka mamiliyoni. Zithunzi zambiri za mungu wa mu Africa zimene zili m'mabuku ndi pa intaneti ndi za mungu wodutsa m'njira imeneyi, ndiye wanga wauwisi sindingaufananitse nazo bwinobwino.

Acetic anhydride sagulidwa chisawawa. Ndi amene amagwiritsidwa ntchito popanga heroin, ndipo ali pamndandanda wa mankhwala olondoledwa pansi pa pangano la United Nations la 1988. Wogulitsa wa ku South Africa akufuna kalata ya labu yonena ntchito yake, ndi chilolezo cholowetsera m'dziko. Makalata anali atayamba kuyenda, koma mtengo umene anatipatsa mu Okutobala wafa, akuti tidikire wina. Pakadali pano mungu wamafuta ambiri, monga wa chisoso, ndikuutsuka ndi ethanol ndisanaumate. Ethanol yekha ndiye sakuvuta, amapangidwa konkuno ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Envulopu iliyonse ndikuigawa pawiri, theka ndikusungira tsiku limene mankhwala adzafike.

29 Januwale 2024: chinyezi

Mvula ya chaka chino ndi yanjomba, koma chinyezi cha ku Zomba chakwanira kuononga zinthu. Maenvulopu a pansi pa katoni achita chuku, a mlombwa ndi ena a mombo atayika, ndidikira chaka chamawa. Otsalawo ndaika m'mabigiri otseka bwino pamodzi ndi silica gel, timibulu toyamwa chinyezi. Wogula ndi wodula, ndiye ndinapempha kufamase timapaketi timene timabwera m'mabotolo a mankhwala, amangotaya. Tikanyowa ndimatiumitsa mu uvuni pamoto wochepa. Munalinso tizilombo tating'ono toyera tikudya mungu. Bigiri lililonse lagona mufiriji ya ayezi masiku angapo, taferatu.

Chuku chalowanso mu lenzi imodzi yoyang'anira, chikuoneka ngati mizu yopyapyala m'mphepete. Kalipentala wandikhomera kabokosi ka matabwa, K18,000, m'kati ndaikamo babu loyaka usana ndi usiku kuti mukhale mouma.

Msuku wayamba maluwa. Mitengo imene anthu anandilozera, ija imabereka masuku okoma, ilibe mungu ngakhale pang'ono, chifukwa msuku uli ndi mtengo waukazi ndi waumuna. Umene ndikufuna ine ndi umene anthu amauona wopanda ntchito, ndipo pafupi ndi midzi wambiri unapita kale ku nkhuni. Ndinaupeza m'kati mwa phiri. Mtengo wa mchenga nawo wayamba, maluwa ake ndi oonekako kusiyana ndi a mombo.

18 Malichi 2024: acetolysis

Botolo la acetic anhydride lafika, tagawana anthu atatu, gawo langa K95,000. Ndagulanso machubu apulasitiki a mamililita 15 ndi glacial acetic acid, asidi wa mu viniga wopanda madzi.

Tisanayambe, fani ya kabati yokoka utsi inali yakufa. Ntchito imeneyi musayerekeze kuigwira popanda kabatiyo, utsi wake umawotcha maso ndi m'mphuno. Wamagetsi anapeza kuti ndi capacitor, K15,000 pamodzi ndi ntchito yake.

Mdani wamkulu ndi madzi. Msanganizowu ukakumana ndi madzi umawira n'kuthovokera kunja kwa chubu. Ndiye mungu umayamba watsukidwa ndi glacial acetic acid kuti madzi achoke, kuzunguza pa centrifuge (makina ozunguza machubu kuti mungu utsike pansi), kutsanula. Posakaniza, sulphuric acid ndi amene amathiridwa mu anhydride dontho ndi dontho, ndipo muzisakaniza wa tsiku lomwelo basi. Machubu amalowa m'poto wa madzi otentha pafupifupi madigiri 90 kwa mphindi zitatu. Nthunzi ya m'potomo nayonso ndi madzi: chubu china chinalandira dontho lochokera pa chivindikiro n'kulavula zonse. Potoyo azikhala wosavindikira. Mukatero acetic acid kachiwiri, kenako madzi, kenako gilisalini. Zotsalira ndimazithira pang'onopang'ono m'ndowa ya madzi a soda, sizipita mu sinki.

Tsiku lina magetsi anazima machubu ali ndi asidi m'kati, centrifuge itangoyamba. Pofika nthawi imene anayaka, mungu wa mchenga unali wakuda bii. Zikachitika choncho thirani acetic acid wozizira m'chubumo kuti msanganizo ufooke, muike m'madzi ozizira. Ndapezanso centrifuge yopukusa pamanja imene inali m'stolo, yolandira machubu anayi. Dzanja limatopa, koma mungu umatsika.

Mungu wa mapeyala unasowa. Chubu chinatuluka choyera, ndinabwereza ndi theka lotsala, chimodzimodzi. Mungu wa banja la mapeyala uli ndi khungu lopyapyala kwambiri moti acetolysis imaudya wonse, ndipo nthochi nazo n'chimodzimodzi. Amenewa akhala pa masilaidi auwisi okha. Tanthauzo lake pa uchi n'lakuti ndikadzaudutsitsa mu asidi, mapeyala sadzaoneka ngakhale njuchi zitakhala kuti zinadyako.

Koma amene anatuluka bwino anandikhazika pampando mpaka mdima. Wa mombo uli ndi khungu la maukonde, mabowo ake akuluakulu. Wa mchenga uli ndi mizere yoyenda m'litali. Pa silaidi yauwisi kusiyana kumeneku kunkangooneka mwa apo ndi apo, pano ngakhale wophunzira wa chaka choyamba angakuone. Chokhumudwitsa n'chakuti mitundu ya Brachystegia imene ndinavutika kuisiyanitsa kutchire ija, pa maikulosikopu iyi ikufanana yonse. Mu uchi ndidzangolemba kuti Brachystegia, osapitirira.

Mungu wodutsa mu asidi sufanana kukula ndi wauwisi, ndipo mu jele umapitiriza kufufuma pang'onopang'ono. Pa silaidi iliyonse ndikulemba njira imene ndatsata ndi tsiku. Mapepala omata aja mphemvu zimadya guluu wake, ndiye nambala ndikuikanda pagalasi penipenipo.

24 Juni 2024: uchi

Uchi wa m'miombo umakololedwa kawiri, wina chakumapeto kwa chaka mombo ukatha maluwa, wina nyengo yozizira ino mchenga ukatha. Chaka chino boma linalengeza mu Malichi kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya chilala, ndipo alimi amene ndimagula kwa iwo akuti ming'oma yambiri ndi yopepuka. Ndagula timabotolo kwa alimi odziwika malo, ndi ena a m'mbali mwa msewu, pafupifupi K45,000 onse pamodzi.

Njira yake ndi imene anaikonza Louveaux, Maurizio ndi Vorwohl mu 1978. Uchi magalamu 10, madzi ofunda mamililita 20 osapitirira madigiri 40, kusungunula, kuzunguza, kutsanula, kutsukanso kuti shuga achoke. Shuga akatsalira amaundana pa silaidi n'kuphimba zonse. Potsanula muzichita kamodzi, mosadodoma. Mukabweza chubu pakati panjira nsenga imavunduka n'kupita ndi madzi. Uchi wa chilala ndi wolimba, ndipo pa centrifuge yapamanja mungu waung'ono umachedwa kutsika, ndiye ndinawonjezera madzi n'kugawa m'machubu awiri.

Silaidi yoyamba ya uchi ili ngati kufika pamaliro a mudzi wa eni: nkhope zambirimbiri, zodziwika ziwiri kapena zitatu. Apa ndi pamene bokosi la masilaidi linayamba kubweza ndalama zake. Mchenga ndinauzindikira pompo ndi mizere yake. Deliya ndi chisoso, aminga, ndikuwaika gulu limodzi chifukwa sindikuwasiyanitsa motsimikiza. Nsangu imabwera mungu wambiri womatana kukhala mpira umodzi. Osadziwika ndimawajambula ndi foni kudzera mu lenzi, kuwapatsa nambala, n'kupitiriza kuwerenga. Ndimawerenga 500 pa botolo lililonse, kuyenda mzere ndi mzere kuti ndisabwereze. Mtundu ukapitirira 45 peresenti umatengedwa kuti ndiwo waukulu mu uchiwo, 16 mpaka 45 wachiwiri, 3 mpaka 15 wochepa koma wofunika.

Manambala amenewa ndi osavuta kuwapeza koma ndi ovuta kuwamasulira, ndipo apa ndikufuna anzanga amve bwino. Botolo lina limene mwini wake ankalumbira kuti ndi la m'nkhalango linadzaza timungu tating'ono ta ngodya zitatu, ta bulugamu. Munthu wopupuluma anganene kuti mlimiyo ananama. Koma bulugamu amatulutsa mungu wochuluka kwambiri ndipo ndi waung'ono, umalowa mu uchi mopitirira gawo la timadzi timene njuchi zinatengako. Mitengo ingapo ya m'malire mwa sukulu ikhoza kuphimba phiri lonse la mchenga. Komanso nyowe, amene amamera m'mitsinje ya m'nkhalango momwemo, ndi wa banja limodzi ndi bulugamu ndipo mungu wawo ukufanana kwambiri. Ndawaika masilaidi awo pafupi, lenzi ya 100, ndipo pa ena sindingalumbire. Mu lipoti ndikulemba banja lawo, Myrtaceae.

Chimanga chimapezekanso mu uchi, chonsecho chilibe timadzi totsekemera. Njuchi zimangotenga mungu wake kukadyetsa ana. Zimenezi zinandifikitsa pa kakololedwe. Ndinawafunsa bambo aja mmene amachotsera uchi. "Timafinya zisa pansalu, mwana wanga. Makina ozunguza zisa aja tingawapeze kuti?" Pofinya, zisa zimene njuchi zinasungamo mungu zimalowa limodzi, ndiye mungu wa miyezi ingapo yapitayo umasakanikirana ndi uchi wa lero. Uchi wotero pa silaidi umakhala wodzaza moti ndimachita kuusungunula kawiri kuti ndiwerenge. Malire a 45 peresenti aja anakonzedwa poganizira uchi wochotsedwa ndi makina ozunguza, ndipo sindikhulupirira kuti tingawatenge momwe alili n'kuwaika pa uchi wathu wofinya. Ndawapempha bambowo kuti ulendo wina andidulire chisa chomata cha uchi wokhawokha, ndidzadonthetse ndekha, ndifananitse ndi wofinya wa mng'oma womwewo. Avomera, K5,000 pa chisa.

Mabotolo awiri a m'mbali mwa msewu anali pafupifupi opanda mungu. Uchi wothiridwa madzi a shuga umaoneka choncho, koma wosefedwa pa sefa yothina kwambiri umaonekanso choncho. Maikulosikopu payokha singagamule mlandu umenewu, pakufunika kuyeza shuga. Lina linali ndi maselo a yisiti ambirimbiri ndipo chitsekerero chinkafufuma: linakololedwa lisanakhwime, madzi ake apitirira 20 peresenti imene malamulo a zakudya a padziko lonse otchedwa Codex amalola. Mwaye wa udzu wofukizira njuchi uli pafupifupi m'botolo lililonse.

19 Ogasiti 2024: matope a kudambo

Aphunzitsi anga akhala akunena kuti uchi ndi poyambira chabe, ndipo amene akufuna kupita patali ndi ntchitoyi aphunzire matope. Akunena zoona. Mu 2005 asayansi anakweza makina obowolera pa chombo cha Viphya n'kubowola pansi pa nyanja ya Malawi, pamalo akuya pafupifupi mamita 590, kulowa m'matope mamita 380. Matope amenewo ndi a zaka zoposa miliyoni imodzi, ndipo anaonetsa kuti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunagwa chilala choopsa mpaka nyanja inaphwa mamita mazanamazana. Mungu wa m'matopewo anauwerenga ndi anthu monga Kristina Beuning ndi Sarah Ivory, ku America. Madambo a ku Nyika anawafufuza kale Michael Meadows, zotsatira zake zinatuluka mu 1984. Mitengo ndi yathu, mayina ake timawadziwa kuyambira tili ana, koma owerenga mungu wake ambiri ali kunja, ndipo chimodzi mwa zifukwa ndi mankhwala ndi bokosi la masilaidi zimene ndakhala ndikulimbana nazozi.

Ndinayesa dambo lina kumunsi kwa phiri. Paipi ya PVC ya mamita awiri, K14,000, kuinola kunsonga, kuikhoma ndi chipika, kutseka pamwamba, kuizula anthu atatu. Paipi inalowa mita imodzi ndi theka koma matope a m'kati sanakwane mita, anapanikizika. Yezani kuya kwa kunja ndi kwa m'kati musanazule, apo ayi simudzadziwa kuti chidutswa chilichonse chinachokera pati. Kunyumba ndinaicheka m'litali ndi sowo.

Matope amaphikidwa mu potassium hydroxide wa 10 peresenti kuti zowola zisungunuke, kenako kusefa, kenako acetolysis. Mchenga wa m'nthaka malabu akuluakulu amauchotsa ndi hydrofluoric acid. Ine sindimukhudza. Amalowa pakhungu mpaka kufupa, ndipo labu yathu ilibe mankhwala opaka munthu akadonthezedwa. Ndinangovundula m'madzi, kudikira kuti zolemera zidikhe, n'kutsanula zopepuka, mobwerezabwereza.

Zotsatira zake ndi makala ambiri, mungu wa udzu, wa dawe ndi abale ake, ndi wina wodyekadyeka wosazindikirika. Udzu wonse uli ndi bowo limodzi ndipo sungausiyanitse mtundu ndi mtundu, kupatula chimanga chifukwa cha kukula. Wa mitengo unali wochepa kwambiri. Mbali ina n'zoyembekezeka, chifukwa mombo ndi mchenga mungu wake umanyamulidwa ndi tizilombo, suuluka ndi mphepo, ndiye ngakhale m'matope a m'nyanja umapezeka pang'ono. Koma chachikulu n'chakuti dambolo limauma chilimwe, anthu amalima dimba ndi kutentha. Mungu umasungika pamene mpweya sufika. Nthaka ikamauma n'kutembenuzidwa ndi khasu chaka ndi chaka, khungu lolimba lija limadyeka.

Malo oyenera ndi onyowa chaka chonse, osalimidwapo, ndipo ndaona awiri pamwamba pa phiri amene ndikufuna kuyesa mvula isanayambe, ndikalandira kalata ya zankhalango. Kudziwa zaka za matopewo kudzafuna kutumiza zidutswa kunja kukayezedwa ndi njira yopimira zaka yotchedwa radiocarbon, madola mazana angapo chidutswa chimodzi, ndipo ndalama imeneyo ndaiika m'kalata yopempha thandizo imene ndikulemba pano.

Bokosi lili ndi mitundu yopitirira 60, yambiri ili pawiri, yauwisi ndi ya asidi. Ndalama zimene ndalemba m'kope zadutsa K400,000, osawerengera minibasi. Mlombwa ndi mombo zimene zinaola ndikazitenganso mu Okutobala. Mlambe sindinaupezebe: maluwa ake amatseguka madzulo ndipo mileme imakhala itawayendera kusanache, ndiye ndapangana ndi abale a ku Balaka kuti mu Novembala ndikagone kumeneko, nditenge maluwa asanatseguke.